Fupa la Nthiti pa Mphuno Yanga

Ndinali mphunzitsi wa sekondale ku Mzimba Boma, kutali ndi kwathu ku Dedza, pamene minibasi imene ndinakwera inagubuduzika tisanafike pa Jenda. Ena anathyoka miyendo. Ine mphuno inaphwanyika mpaka kulowa m'kati, moti ndinkapumira kukamwa.

Dokotala wa kuchipatala chachikulu kumene ananditumiza sanandibisire kanthu. Anati adzadula kachidutswa ka nthiti yanga, adzakasema, n'kukaika pamene panagwerapo kuti kachirikize mphuno monga mtanda uchirikiza denga. Ndinasaina ndekha chikalata chovomereza opaleshoniyo, pakuti bambo a kunyumba anali atatsogola kale, ndipo mwana wanga yekhayo ali ku Joni.

Opaleshoni itachitika, ponditulutsa dokotala uja anandichenjeza kuti, "Amayi, magalasi anuwa musawakhazike pamphunopo kufikira fupa litagwira. Mukatero lipendekera, ndipo tidzayambiranso kudula."

Popanda magalasi sindiona chilembo, sindionanso nkhope ya munthu ali patsidya pa msewu. Namwino anandionetsa njira yomata magalasi pachipumi ndi pulasitala kuti alendewere osakhudza mphuno. Ndinakana. Ine amene ndinkabweza atsikana chifukwa cha yunifolomu yosasita, ndiyende m'tauni nditamatidwa ngati katundu wa pa basi?

Choncho ndinakhala m'nyumba imene sukulu inandipatsa m'nyengo yozizira, Baibulo lili chitsekere. Ndikatsokomola, nthiti inkandilasa. Ndikapita kumsika, mawu ankachokera m'chifunga: "Monire, Madamu!" Ndinkayankha moyang'ana kumene kulibe munthu, kapena osayankha n'komwe poganiza kuti akulonjera wina. Tsiku lina ndinamva mmodzi mwa amayi ogulitsa tomato akuuza mnzake kuti, "Mphuno yatsopano yawapatsa matama chomene. Masiku ano sationanso." Sindinadziteteze, sindinkadziwa n'komwe kuti ndi uti mwa iwo walankhula.

Loweruka lina ndinatenga magalasi ndi kuwayandikiza kumaso. Ndinkafuna kuwavala kwa kanthawi chabe, kuti ndiwerengeko salimo limodzi. Koma ndinakhudza chipsera cha m'nthiti, ndipo ndinadziwa kuti mpeni uja sindingaupirirenso ndili ndekha.

Mawa lake ndinasita diresi, ndinamanga duku, ndinadula pulasitala mowongoka ndi sizasi, ndi kumata magalasi pachipumi. Ndinalowa m'tchalitchi choncho, khosi lili chilili. Ana a Sande sukulu anaseka mobisa, ndipo mmodzi anatsinidwa ndi amake. Ndinaona manambala a nyimbo pakhoma. Ndinaonanso nkhope zonse bwinobwino, imodziimodzi, zikundiyang'ana ndi kubwerera msanga ku mabuku awo.

Fupa linagwira mowongoka. Koma mbiri ya matama ija sinachoke: pabenchi panga m'tchalitchi anthu ankasiya malo a munthu mmodzi mbali iyi ndi mbali iyo, ndipo ndinkaikapo chikwama.