Madontho Asanu pa Pepala la Ba Titus

Mu Ogasiti 1995, Mukatimui anali chigonere m'ngalande ya m'mbali mwa msewu wa ku eyapoti ku Livingstone, akusanza madzi okhaokha. Mpikisano unali wa makilomita khumi. Anatsogola makilomita asanu ndi limodzi, kenaka miyendo inangouma ngati mitengo. Atsikana onse amene anawasiya m'mbuyo anamudutsa mmodzimmodzi. Mu 1994 namo anali atagwera pomwepo.

Musaganize kuti ankathamangira chikho. Chikho sichiphikira mwana phala. Kampani ina ya mahotela inkatenga akazi atatu oyamba chaka chilichonse, n'kuwalowetsa m'timu yake, n'kuwapatsa ntchito yochapa nsalu ndi chipinda chimodzi kuseri kwa hotela. Mukatimui ankafuna chipindacho, basi.

Mwamuna wake atamwalira mu 1993, abale a mwamunayo anabwera n'kutenga bedi, mbale, wailesi, ndi mwana yemwe, Monde, ali ndi zaka ziwiri. Anapita naye ku Mulobezi. Mlamu wake, Ba Mwangelwa, sanakalipe n'komwe.

"Mulamu, mwana sangakulile mu khitchini ya bene," anatero. "Ukapeza nyumba yako, ya chitseko na kiyi, ubwele umutenge."

Mawuwo anali oona, n'chifukwa chake ankapweteka. Mukatimui ankagona pamphasa m'khitchini ya msuweni wake ku Libuyu, masana n'kumagulitsa tomato ku msika wa Maramba. Anapitako kamodzi ku Mulobezi. Iye atachokako mwana analira masiku atatu, ndipo azilamu anapempha kuti asamabwerebwere. Kuchokera apo, sitima ya ku Mulobezi ikalira, ankasiya wogula ali chiimire ndi tomato m'manja, iye maso ali ku njanji. Ankawerengera yekha mumtima: pano mano onse atuluka, pano wayamba kufunsa mafunso osatha. Amamuyankha ndani? Akadwala malungo amaitana dzina la ndani?

Tsono othamanga a m'tauni muno nthawi imeneyo anali ndi lamulo limodzi: ngati sunasanze, sunathamange. Mukatimui ankalisunga lamuloli kuposa onse. M'mawa uliwonse ankachoka ngati wakumana ndi njovu ku Simonga, n'kubwerera akukwawa. Anthu ankamutama kuti ndi wolimba. Kulimba kumeneko kunamugoneka m'ngalande kawiri.

Amene anamutulutsa m'ngalandemo anali Ba Titus Muleya, bambo wachikulire amene anali atangochotsedwa ntchito ku njanji. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ntchito yawo inali kujambula mizere pa pepala la timabokosi, yosonyeza kuti sitima iti ili pati pa nthawi yanji. Ntchito inatha, koma pensulo, rula ndi mpukutu wa mapepala anapita nazo kunyumba, pamodzi ndi wezulo.

Akazi awo, Ba Lister, anali namwino. Dokotala wina wakunja amene anabwera kudzapalasa mabwato kunsi kwa mathithi anawasiyira kamakina kolowa m'thumba, ndi kabotolo ka timapepala khumi toyezera. Kamakinako kanakhala m'kabati miyezi, mpaka Ba Titus anakakumbukira mu Epulo 1996, n'kumuitana Mukatimui.

"Minofu ikagwila nchito, mu magazi mumachuluka chinthu china, ise timati lakiteti," anafotokoza Ba Lister. "Ukathamanga bwinobwino thupi imachotsa yeka. Ukapitilila, imalephela, ndiye miyendo ija yauma. Nizakubaya pa chala, dontho limozi pa kapepala, makina izatiuza nambala. Tupepala ni khumi chabe, kulibe kogula twina. Wamva?"

Anakumana pa bwalo la sukulu ku Dambwa dzuwa likutuluka. Dongosolo linali losavuta: kuzungulira katatu, kubayidwa, kupuma, kenaka kuzunguliranso mofulumirako pang'ono, mpaka kasanu. Ulendo woyamba unayenera kukhala wapang'onopang'ono, masekondi 110 pozungulira kamodzi.

Koma njira ya amayi a ku Maramba yopita kokapikula ndiwo imadutsa m'mbali mwa bwalolo. Ba Moono, mnzake wa pa benchi ya tomato, anaima ndi beseni pamutu.

"Iwe Mukatimui! Uthamanga, olo usakila nsingano yataika?"

Amayi onse anafa nacho chiseko. Mukatimui magazi anamukwera kumutu, ndipo anachoka ngati mphepo. Ba Titus anaimba wezulo mpaka kutsokomola, iye osamva. Dontho loyamba la magazi linatulutsa 7, nambala yokwera kwambiri. Anamupumitsa, anamuchonderera, anayambanso. Amayi aja anali asanachoke. Linatulutsa 8. Kachitatu, 9.

Ba Titus anayang'ana pepala lawo. Madontho atatu onse anali m'mwamba, osasonyeza kanthu. Analipinda n'kuliika m'thumba. Ba Lister ndiwo analibe nthawi yonyengerera.

"Tupepala tutatu wataya. Manje niuze, ufuna mwana wako, olo ufuna Ba Moono bakuombele m'manja? Sankha chimozi. Ine nili na odwala baniyembekeza."

Tsiku limenelo Mukatimui sanapite kumsika.

Sabata yotsatira anabweranso pa bwalo lomwelo, nthawi yomweyo, ndipo amayi aja anadutsanso ndi mabeseni awo ndi pakamwa pawo. Ba Titus anaika mwala mbali iyi ndi mwala mbali iyo. Wezulo ikalira, iye anayenera kukhala pa mwala, osati kutsogolo kwake. Amayiwo anaseka mpaka kutopa. Mukatimui anangoyang'ana miyala.

Atatha, Ba Titus anayala pepala pa chonyamulira katundu cha njinga yawo. M'munsi analemba liwiro, kuyambira pang'onopang'ono kumanzere mpaka mofulumira kumanja. M'mbali analemba manambala a m'magazi. Anaika madontho asanu n'kuwalumikiza ndi pensulo. Atatu oyamba anagona chogona ngati njanji ya pachigwa: 1.4, 1.6, 2.1. Lachinayi linadzuka, 3.8. Lachisanu linalumphira kumwamba, 7.5.

"Ona apa papindika," anatero, chala chili pa dontho lachinayi. "Apa ni pa bondo pako, masekondi 92. Kumanzele kwa bondo ungathamange mpaka ku Zimba. Kumanja, uli na mphindi zochepa chabe. Manje iwe mpikisano umayambila kuti?"

"Pa 82, Ba Titus."

"Pa 82 na pepala yanga yasila! Mwana wanga, mphamvu uli nazo. Koma umaocha malasha yonse ukalibe kuchoka mu siteshoni."

Anamupatsa pepalalo kuti akalimate pakhoma. Masiku anayi pa sabata azithamanga kumanzere, pang'onopang'ono, mtunda wautali. Masiku awiri azikhala pa bondo penipeni, osalumpha. Tsiku limodzi azigona.

Mukuganiza kuti kuthamanga pang'onopang'ono n'kophweka? Miyezi imeneyo ndi imene inamuvuta kuposa yonse. Kale, akamathamanga mpaka kusanza, m'mutu munkakhala mopanda kanthu, ndipo mwina n'chimene ankachifuna. Tsopano mpweya unalipo wokwanira, ndiye maganizo nawo anapeza malo. Makilomita khumi ndi asanu, iye ndi Monde yekhayekha m'mutu. Akadutsa ana opita kusukulu ankayeza ndi maso: angakhale wafika msinkhu uwu? Kapena uwo? Masiku ena ankabwerera nkhope ili yonyowa, anthu n'kumati ndi thukuta. Kumsika nako anayamba kunena kuti wakalamba, mwendo watha. Iye ankangosanja tomato wake.

Kumapeto kwa Julaye Ba Lister anatsegula kabotolo kotsala ndi timapepala tiwiri. Pa masekondi 92, pamene kale panatuluka 3.8, panatuluka 2.4. Pa 88 panatuluka 3.6. Ba Titus anatenga pensulo yofiira n'kuika madontho awiriwo pansi pa mzere wakale.

"Bondo yasendela kumanja," anatero.

Tsiku la mpikisano Ba Titus anamulemba pamkono ndi bolopeni: 3:42, nthawi ya kilomita iliyonse. Anamubwereka wotchi yawo ya ku njanji. Mfuti italira, atsikana anachoka ngati akuthawa moto. Pa kilomita yachitatu Mukatimui anali wa nambala 11. Ba Moono, amene anatseka benchi kuti adzamuchemerere, anavula mpango n'kuukupiza.

"Mukatimui, wagona! Bakusiya iwe! Mayo, watichititsa nsoni!"

Miyendo inkapempha kuti aimasule. Anayang'ana pamkono, anayang'ana wotchi, anakana. Pa kilomita yachisanu ndi chimodzi anayamba kuwapeza, wina atagwira m'nthiti, wina akuyenda. Sanawonjezere liwiro. Iwo ndi amene ankabwerera kwa iye. Itatsala kilomita imodzi anali wachinayi, ndipo apo ndi pamene anawotcha zonse zimene anasunga. Anamudutsa wachitatu patatsala mapazi makumi awiri.

Wachitatu. Osati woyamba. Koma kiyi wa wachitatu amatsegula chitseko chimodzimodzi.

Mu Seputembala anakwera sitima ya ku Mulobezi, kiyi atamumangirira pa chingwe m'khosi. Ba Mwangelwa anamuyang'ana kiyiyo, anagwedeza mutu, n'kuitana mwana. Mawu awo anawasunga.

Kunatuluka kamtsikana ka zaka zisanu, kakatali, ka chipumi cha bambo ake. Kanamuyang'ana Mukatimui, kenaka kanabisala kuseri kwa chitenje cha azakhali ake n'kufunsa m'Chilozi kuti, "Ameneyu ndani?"

Manja a Mukatimui anali atatambasuka kale. Zaka zitatu anadikira kuti amunyamule, ndipo akanatha kumukwatula pomwepo n'kuthamangira naye ku siteshoni. Palibe akanamuletsa. Anabweza manjawo, anakhala pansi pa mchenga, n'kupempha madzi akumwa.

Anakhala ku Mulobezi mpaka sitima ya sabata yotsatira. Tsiku loyamba mwana ankamusuzumira pakona pa nyumba. Lachitatu anabwera kudzagwira kiyi uja. Lachisanu anamubweretsera mbatata yootcha, n'kukhala naye pafupi, osamukhudza. Pa tsiku la ulendo Monde anakwera sitima yekha osakokedwa, ndipo asanafike pakati pa njira anagona tulo pamiyendo pake. Ankamutchabe anti. Mawu oti amayi anatuluka mvula itayamba, m'chipinda chawo, tsiku lina wamba, mwana akufuna mchere.

Inu amene mwagwa kawiri pamalo amodzimodzi, musafulumire kunena kuti mulibe mphamvu. Mwina mumathamangira anthu a m'mbali mwa msewu, amene sadzakudzutsani mukagwa. Pezani wokuuzani zoona, ngakhale zikhale za pa pepala, mudziwe pamene bondo lanu lili, ndipo aseke mpaka atope. Chimene mukuchilirira chikadalipo. Musataye mtima, koma musapupulumenso.