Kalalanje ka m'Chitini ka ba Moven

Ba Moven Daka anagwira nchito ya maluwa pa nyumba ya mzungu ku Kabulonga zaka khumi na zisanu. Chaka chimene unga unayamba kusowa m'mashopu, mzungu anamanga katundu n'kupita. Ba Moven anabwerera ku Mtendere na kamtengo kamodzi m'chitini cha penti, kolekeza m'chiuno, kobala tumalalanje tonga mazira a nkhunda, towawasa koti mwana akaluma alira.

Sanakabyale pansi. "Nyumba ni ya lendi," anali kutero. "Akanithamangitsa, nikakweza pa wilibala."

Kamtengo aka ndiko kanali kuwadyetsa. Anali kudulako tunthambi, kulumikiza pa mbande za mandimu, kumanga na pulasitiki, n'kukagulitsa m'mbali mwa msewu kwa a magalimoto ofuna chokongoletsa pakhonde. Munthu akawaseka pa msika, ine neba wao ndine n'nali kumutukwana mpaka atathawa.

Koma chinthu chimodzi chinali kunikwiyitsa. Mphukira yonenepa ikatuluka munsi mwa chipsera cha pa tsinde, pomwe analumikiza, iwo anali kuithyola.

"Ba Moven, mukupha yamphamvu, mukusunga yodwala?"

"Iwe Dixon, siya. Ija ni ndimu chabe."

N'naseka. Ine munthu akaniyankha mofatsa nimayesa alibe mfundo.

Mlongo wao atamwalira ku Katete, ananisiyira kuthirira. Anakhalako miyezi iwiri. Mphukira inatuluka, yobiriwira, yaminga, yothamanga. N'nati manje niwaonetse ulimi. N'natenga mpeni, n'nadula kumwamba konse kuyambira pa chipsera, kuti yamphamvu ikule bwino.

Atabwera anaima pa chitini nthawi yaitali, chola chikali pa phewa.

"Nthambi unaika kuti?"

"Zinauma. Ba Ida anasonkhera mbaula."

Ba Ida ni akazi anga. Nawonso n'nawalowetsa m'mlandu, pomwe anasonkha ndine. Ndiye n'nayamba kukuwa, ine wolakwa: n'natunga madzi pa mzere masiku onse, palibe na zikomo, vinthu vanu muzisunga mweka. Ba Moven anangolowa m'nyumba.

M'chitini munatsala ndimu chabe. Manje ba Moven aphwanya miyala ku Kalingalinga, manja aja olumikiza tunthambi ali mabala okhaokha. Tikakumana anipatsa moni monga kale, ndiye chimene chinipweteka.

Loweruka lililonse nizungulira mageti a ku Kabulonga kupempha kanthambi kamodzi ka mtundu uja. Alonda anidziwa kale. Ena amasula galu nikalibe kutsegula pakamwa. Ba Moven sin'nawauze kuti nipitako.