Delete wa a Kabweza

A Kabweza sanabadwe nalo dzinali, analipata ku ntchito. Bambo awo anali munthu wobwereka osabweza: wilibala, makwerero, ngakhale ambulera ya mlendo. Anthu akawaona akubwera ankakankhira zinthu kuseri kwa chitseko, ndipo mwanayo anakula ndi manyazi amenewo. Mpake kuti atakula anasanduka munthu woti akabwereka pini, m'mawa mwake wafika kale pakhomo kudzabweza.

Ntchito nayo inawapeza yowayenera. Ankalemba mapulogalamu a kompyuta mu kaofesi kotentha pamwamba pa shopu ya matayala. Chilankhulo cha kompyuta chimene ankalembera chili ndi lamulo lake. Pulogalamu ikafuna malo osungirapo zinthu m'kompyuta imabwereka ndi liwu lakuti new, ikathana nawo iyenera kubweza ndi liwu lakuti delete. Ukaiwala kubweza, malo amanka natha mpaka makina amayamba kukwawa. Koma ukabwezanso malo amene mnzako akadagwiritsa ntchito, pulogalamu imagwa chagada.

A Kabweza ankangoopa vuto loyambalo. New aliyense ankamuyang'ana ngati mlendo wolowa ndi chikwama chopanda kanthu.

Ndiye kunabwera wantchito watsopano, mayi wina amene anamupatsa tebulo la pawindo. Tsiku loyamba lomwelo anabwereka cholembera cha a Kabweza, osabweza. Basi, mlandu unathera pomwepo. Mayiyo akaseka, iwo ankati akubisa kanthu. Akakhala chete, ankati wakabisa kale.

Pa nthawiyo onse ankakonza pulogalamu ya makina osindikiza matikiti a basi. A Kabweza anatsegula gawo la mayiyo mwakabisira, ndipo mtima unagunda mokondwa: new analipo, delete panalibe.

"Mayi, malo mwabwereka apawa mukubweza pati?"

"Amabwezedwa kwina, bambo, tikiti ikatuluka. Musadandaule."

Kwina! Bambo awonso ankayankha choncho, mwina kwina mwina mawa. A Kabweza anangoti "chabwino", koma anzawo atatsika kukadya, iwo anatsalira n'kuwonjezera delete wawo m'gawo la mayiyo. Anaweruka tsiku limenelo akuimba mluzu.

Pulogalamu itapita ku depoti, makina anayamba kufa tikiti ili pakati, anthu ali pamzere, mabasi akunyamuka. Foni ya abwana sinapume. Abwanawo za new ndi delete sankazidziwa, anangofunsa kuti gawo likugwalo ndi la yani. Onse anayang'ana kuwindo, kwa mayi uja.

"Mayi, munali pa miyezi yoyesedwa ntchito," anatero abwana. "Zikatere ndilibe pogwira. Mukaweruka lero mundisiyire makiyi."

Mayiyo anafuna kuyankha, koma abwana anali atalowa kale mu ofesi mwawo.

A Kabweza anatsegulanso pulogalamu ija kuti aone bwino uchitsiru wa mayiyo. Anatsata malo aja mzere ndi mzere, mpaka anatulukira m'fayilo ina imene sanaiwerengepo. Delete wa mayiyo anali pomwepo, pamalo pake penipeni, podikira kuti tikiti ithe kusindikizidwa. Wa a Kabweza uja ndiye ankalanda malowo makina akadalemba. Anabweza chinthu cha eni, eni ake akadachigwira m'manja.

Anayang'ana uku ndi uku. Palibe amene anawaona tsiku lija. Akanatha kufufuta mzere wawowo mwakachetechete, makina n'kuchira, anthu n'kumati a Kabweza apulumutsa kampani. Chala chinafika pabatani, koma chinangoima pamenepo. Anachita mantha, ndipo kuposa mantha anachita manyazi, omwe aja a kuseri kwa chitseko.

Mayi uja anali akulongedza kapu yake ndi chithunzi cha ana ake m'kajumbo. Atatha anabwera pa tebulo la a Kabweza.

"Bambo, cholembera chanu ichi. Chinagwera kuseri kwa dirowa, ndachipeza polongedza. Pepani, ndisapite nacho."

Anachiika patebulo bwinobwino, chivindikiro chili pomwepo.

A Kabweza anachiyang'ana cholemberacho, osachikhudza. Kenako anakankha mpando n'kuimirira.

"Mayi, makiyiwo musapereke kaye. Tiyeni kwa abwana."

"Kukatani, bambo?"

"Ndili ndi chanu choti ndibweze," anatero a Kabweza, n'kutsogola kukagogoda.