Nyengo Imene Ndinayang'ana Amalume M'maso

Helimeti ija ndikadali nayo, ili pamwamba pa kabati. Ndi yakuda, ya waya kumaso ngati khola la nkhuku, ndipo mpaka lero imanunkha thukuta la mwana wina amene anaivala ine ndisanaipeze. Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinayamba hoki ya pa ayezi ku College Park, kutsidya kwa nyanja, ndipo mtsikana wakuda pagulu lathu ndinali ndekha. Amayi analibe galimoto, choncho amalume ndiwo ankadzanditenga kwathu ku Hyattsville Loweruka lililonse.

Akochi athu sankatilola kuthamanga bwalo lonse. Ankatchinga kangodya kamodzi ndi matayala akale n'kutiponyamo, awiri kulimbana ndi awiri, tikulimbirana kampira kakuda kophwatalala, kolimba ngati mwala. Malo ake ngati khitchini yathu! Ukangotembenuka wagunda khoma, ukangopuma akulanda. Ndodo zinkangoti khwa khwa, mipeni ya kunsi kwa nsapato ikupala ayezi, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Akochiwo ankaima pambali atakweza dzanja, ndipo uli mkati moyendetsa kampira unkayenera kukuwa kuti aonetsa zala zingati. Ankafuna kuti kampira uzikamva ndi manja, maso ali kwa anthu.

Apa ndiye panali vuto langa. Ine ndinaleredwa bwino, pepani. Kwathu wamkulu akamalankhula umayang'ana pansi, manja pamodzi. Ndiye akochi akangotchula dzina langa mutu unkagwa wokha, nthawi yomweyo wina n'kundigunda phewa, ine chagada pa ayezi. Ndinagwa mpaka matako anachita dzanzi. Mawu a akochi anali amodzimodzi, m'Chingerezi chawo: dzutsa mutu, undiyang'ane. Tsiku lina anagwada patsogolo panga, munthu wamkulu wa imvi, n'kundiuza kuti woyang'ana pansi m'kangodya amatuluka atanyamulidwa.

Ndinaphunzira, chifukwa makani ndinabadwa nawo. Kunyumba ndinkandandalika nsapato za amayi pansi n'kumazungulitsa mpira wa tenisi pakati pake ndi ndodo, maso ali pakhoma, mpaka okhala pansi pathu ankagogoda siling'i ndi tsache. Pofika pakati pa nyengo yozizira zala za akochi ndinkaziona, mnzanga ndinkamuona, ngakhale wondizembera kumbuyo ndinkamuonera pagalasi lotchinga bwalo. Koma khosi likazolowera silidziwa kuti apa ndi pa ayezi, apa ndi pabalaza.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, amalume ankandilangiza za kavalidwe kunyumba kwawo ku Silver Spring. Sindinayankhe, sindinachite tsinya. Ndinangowayang'ana. Iwo anadukiza mawu pakati. "Achemwali, taonani mwana wanuyu, akundiyang'ana ngati mnzake!" Anati masewera achizunguwa andilowetsa mwano, ndipo galimoto yawo sidzapondanso ku ayezi. Mwini mbumba walamula, ndani akanatsutsa? Amayi anazolika nati, "Ndamva, achimwene." Mtima unandipsa moti ndinkafuna kuwagwedeza amayiwo. Mpaka lero ndimakana kwamtuwagalu: sunali mwano umene uja. Ndinkawamvetsera amalumewo ndi makutu ndi maso omwe, ndipo sindidzapepesa.

Loweruka lotsatira amayi anandidzutsa m'mamawa. Chikwama cha zida chinali chachikulu ngati thumba la chimanga. Tinachinyamula awiri, wina uku wina uku, kukakwera basi, ndodo ikukola anthu miyendo. Za amalume sanatchule n'komwe. Nyengo yonse yotsala tinayenda choncho, iwo atavala yunifolomu mkati mwa jekete, chifukwa tikangomaliza ankathamangira kuntchito yawo yosamalira okalamba.

Kuntchitoko ndinapitako kamodzi, tsiku limene sukulu inatsekedwa chifukwa cha chipale chofewa. Ndinaona bwana wawo, kamtsikana koti akanatha kukabereka okha, kakuwakalipira pamaso pa anthu. Amayi maso anali pa nsapato zawo, akungoti inde, inde. Ndinatembenukira kukhoma, ndipo mumtima ndinati amayi anga ndi amantha.

Koma ku ayezi amayi omwewo sankakwera pamipando pamene makolo ena ankakhala ndi khofi wawo. Ankaima kuseri kwa galasi, pafupi ndi kangodya kathu, mapewa ali njenjenje ndi kuzizira. Malamulo a hoki sankawadziwa ngakhale limodzi. Ankangomenya galasi ndi chikhatho n'kukuwa m'Chichewa, ndi liwu limene sindinalimvepo kunyumba, kutchalitchi kapena kuntchito kwawo: "Dzutsa mutu, iwe! Usayang'ane pansi!" Ine ndinkachita manyazi mkati mwa helimeti yanga. Ndinkaganiza kuti akungotengera mawu a akochi, kuti akunena za kampira.