Foni ya Mayi Roz

Onse amene amagulitsa khofi ndi madonasi pa msewu wa Lagrange ku Toledo amawadziwa mayi Rosalind Tibbs. Ndi mayi wamfupi, woyenda mothamanga, ndipo foni yawo siizima. Amagula khofi ataipanira paphewa, n'kumalankhula ndi wogulitsa ndi maso okha. Anthu amangoti mayi Roz.

Anabadwira momwemo, bambo awo akugwira ntchito pa fakitale ya magalasi. Mayi Roz anayamba ndi kukolopa m'nyumba yosungiramo okalamba, ndipo kumeneko anaona kuti nkhalamba zambiri sizinkavutika ndi miyendo yokha, zinkasowa wozimvetsera. Ana awo atakula, iwo anabwerera kusukulu, imvi zitayamba kale, mpaka anatenga digiri yachiwiri. Kiliniki ina yaing'ono pamsewu womwewo inawalemba ntchito yopereka uphungu kwa anthu amene mowa, mankhwala ozunguza bongo kapena maliro zawasokoneza mutu.

Koma digiri si chiphaso. Lamulo limati munthu wotere ayambe wagwira ntchito zaka zingapo pansi pa mnzake wa chiphaso, womusainira chilichonse, kenako akalembe mayeso. Akakhoza, ndiye amaloledwa kuona odwala m'dzina lake. Zakazo mayi Roz anazikwanitsa pansi pa mayi Gretchen Lund, mkulu wa aphungu pakilinikipo. Panangotsala mayeso.

Ulendo woyamba analephera. Mayesowo amalembedwa pa kompyuta, ndipo funso lililonse limabwera ndi mayankho ooneka olondola onse. Chimene akufuna n'chakuti usankhe choyamba kuchita. Mayi Roz anayankha monga amachitira pa ntchito, ndipo n'zimene zinawagwetsa. Atabwerako ankawerengera amuna awo, a Curtis, okonza mabasi, mafunso a m'buku lokonzekerera.

"Tamva ili, Curtis. Mayi wabwera akulira, amuthamangitsa m'nyumba ya lendi. Uyambe chiyani?"

"Umupatse mpando."

"Mpando palibe pa mayankho."

"Ndiye umupezere pogona, nanga n'chiyaninso?"

"Inenso ndinasankha lomwelo. Ndalakwa. Akuti uyambe wamuuza kuti ukumvetsa mmene akumvera."

A Curtis anaika foloko pansi. "Ukumvetsa, iye ali panja? Amene analemba funsoli anagonapo m'galimoto mwezi wozizira wa Januwale? Ine basi ikamatha mabuleki ndiyambe ndaiuza kuti ndikuimvetsa?"

Mayi Roz anaseka, koma anaphunzira. Anadziphunzitsa kuyankha monga buku likufunira, kusiya pakhomo zonse zimene manja awo akudziwa. Pa mayeso oyeserera anayamba kukhoza bwino, ndipo tsiku lililonse ankakwera.

Kenako mayi Lund analengeza kuti akupuma pa ntchito nyengo yozizira ikatha. Panalibe wina wosainira. Akuluakulu a kiliniki ananena mosabisa: pofika tsikulo, ngati mayi Roz alibe chiphaso, odwala awo onse aperekedwa kwa phungu wina.

Mmodzi mwa odwalawo anali bambo Wendell Hollis, wowotcherera zitsulo, amene mwana wawo Terrence anafa ndi mapiritsi. Bamboyu anabwera chaka chathunthu akungokamba za mpira ndi za mitengo ya mafuta. Dzina la mwanayo analitchula koyamba chaka chachiwiri, akuyang'ana pansi. Kuyambira pamenepo anasiya mowa. Munthu ngati ameneyu sungamusamutse ngati katoni ya katundu, kuchoka pa shelefu ino kupita pa inayo.

Malo olembera mayeso anali atadzaza. Tsiku lokhalo limene linapezeka mayi Lund asanachoke linali Lachiwiri lina, tsiku lokumbukira imfa ya Terrence. Mayi Roz anayesa kusintha, koma anauzidwa kuti mpando wina ulipo pakati pa chaka, mayi Lund atachoka kale. Choncho anawakonzekeretsa bambo Hollis.

"Lachiwiri ine kulibe. Zikavuta muwaimbire mayi Lund, ndawauza kale."

"Mayi a magalasi pamphuno aja? Amandiyang'ana ngati ndaba kanthu."

"Amayang'ana aliyense choncho, ngakhale amuna awo."

"Pitani mukalembe, mayi Roz. Ndine mwana ine?"

Kumalo a mayeso amakulandira ngati wakuba amene sanagwidwebe. Umatulutsa matumba a zovala, umapinda manja a malaya, amayang'ana magalasi ako, amajambula chikhatho. Katundu yense amalowa m'kabati kachitsulo, ndipo amakuuza kuti uzimitse foni. Mayi Roz anachotsa kulira kokha, foniyo n'kuisiya yamoyo. Sikunali kuderera lamulo. Kwa anthu a ntchito yawo, kuzimitsa foni kuli ngati kukhomera munthu panja, ndipo chala chawo chinachita zimene chinazolowera iwo asanaganize n'komwe.

Mayeso anayenda bwino. Mafunso ankabwera ngati makasitomala odziwika, iwo n'kumadziwa chimene aliyense akufuna asanatsegule pakamwa. Atafika pakati anamva thupi likunjenjemera, poti ali ndi matenda a shuga, ndipo anapempha kukatenga bisiketi m'kabati muja. Zimenezo n'zololedwa. Mayi woyang'anira mayeso anawaperekeza.

Atatsegula, foni inali ikunjenjemera pachitsulo, dzina la Hollis likuwala. Anali ataimba kale kangapo. Pamwamba pa makabatiwo panali chikwangwani cha zilembo zikuluzikulu: wokhudza foni, mayeso ake athera pomwepo. Mayi Roz anachiwerenga. Anayang'ananso dzinalo. Bambo Hollis sanali munthu woimba kawiri.

Anayankha.

"Mayi Roz, pepani. Ndikudziwa muli pa mayeso." Mawu anali otsika, odekha mochititsa mantha.

"Muli kuti, bambo Hollis?"

"M'galimoto, kumanda. Ndagula botolo. Ndiponso mapiritsi a Terrence aja ndinakuuzani kuti ndinataya, sindinataye."

"Mwamwa?"

"Ayi. Ndangowayala pampandopa."

"Mayi, ikani foniyo pansi," anatero woyang'anira uja. "Mayi! Mukudziwa chimene mukuchita?"

Mayi Roz anamukwezera chikhatho, chomwe chija anachijambula m'mawa. Anatenga cholembera pa tebulo, n'kulemba nambala ya mayi Lund ndi dzina la manda, n'kumukankhira pepalalo. "Imbani apa, muwauze athamangire kumeneko, aitanenso ambulansi. Chonde, mwana wa mayi anga, fulumirani." Kenako anabwerera pa foni. "Bambo Hollis, tsikani m'galimotomo. Musiye zonse pampando pomwepo. Mwatsika? Tsekani chitseko ndimve. Eya. Tsopano pitani pamanda paja, mundiwerengere zimene munalembetsa pamwala."

Woyang'anirayo sanali munthu woipa. Anaimbadi, ndipo anawabweretsera mayi Roz mpando. Anakhala nawo mpaka mawu a mayi Lund anamveka mbali inayo akuti, "Ndafika, Roz, ndamugwira dzanja." Atamva zimenezo, woyang'anirayo anapukuta maso, n'kukhala pansi kulemba lipoti loti wolemba mayeso wagwiritsa ntchito foni. Kompyuta ya mayi Roz inali itatsekedwa kale.

Mayi Roz anadandaula ku bungwe loona za mayesowo. Mayi Lund analemba umboni, woyang'anira ujanso anaikirapo mawu. Yankho linabwera mayi Lund atadya kale keke yotsanzikana. Linati bungwelo likumvetsa mmene mayi Tibbs akumvera, koma lamulo ndi la aliyense. Mayeso afafanizidwa, adikire miyezi ingapo, akalembetsenso.

"Akumvetsa!" anakuwa a Curtis. "Waona? Ayankha monga mwa buku lawo lija!"

Chowawa n'chakuti m'buku lomwelo muli funso lakuti: wodwala wanena kuti akufuna kudzipha, uyambe chiyani? Yankho lake ndi lakuti uonetsetse kuti moyo wake watetezeka, zina zonse pambuyo. Ukasankha yankho limenelo pa kompyuta, wakhoza. Ukalichita ndi pakamwa pako, utaima pakhonde la nyumba yomweyo, walephera. Palibe akunena kuti mayeso achoke, kapena kuti anthu azilowa ndi mafoni. Obera alipo, tonse tikudziwa. Koma bungwe lodzaza ndi anthu ophunzira za mtima wa munthu lingalephere bwanji kusiyanitsa wobera mayankho ndi munthu amene akutsitsa mnzake m'galimoto kumanda? Ngakhale pamsika, wogulitsa akasiya benchi kukadzutsa munthu wakomoka, sitimulanda malo.

Kiliniki inachita zimene inanena. Mayi Roz anachotsedwa m'chipinda chawo n'kuikidwa pa windo lolandirira anthu. Odwala awo anapatsidwa phungu wa mumzinda wina, amene amaonekera pa kompyuta m'kachipinda kakumapeto. Ena anapitiriza, ena anangosowa. Bambo Hollis atatuluka m'chipatala sanabwerenso, ndipo mayi Roz sankaloledwa kuwaimbira ngati phungu wawo. Ankangotumiza uthenga wa kiliniki wokumbutsa tsiku, n'kumayang'ana pakhomo.

Lachinayi lina m'mawa chitseko chinatseguka, bambo Hollis n'kulowa, chipewa chili m'manja. Anaima pawindo osadziwa poyang'ana.

"Ndakuchotsetsani ntchito, mayi Roz."

"Mwandichotsetsa? Nanga amene mukulankhula nayeyu ndi mzukwa? Kachipinda kakumapeto, akukudikirani."

"Munthu wa pa kompyuta uja? Ndiyambirenso zonse, kufotokozera chithunzi?"

"Muyambirenso. Ndipo dzina la Terrence mumuuze lero lomwe. Musamudikiritse chaka ndi nkhani za mpira ngati munandichitira ine."

Bambo Hollis anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene anaiwala kasekedwe. Maso awo anagwera pa buku la mayeso lomwe linali pambali pa foni, lodzaza timapepala tachikasu.

"Mukalembanso?"

"Masamba akayamba kuyoyoka. Ndapeza kale mpando."

"Tsiku limenelo foni mukaisiye kunyumba, kwa a Curtis. Mwamva? Osati m'kabati. Kunyumba."

"Nanga inu zikakuvutani?"

"Ndidzaimbira chithunzicho," anatero, akuloza kumapeto kwa khonde ndi chipewa. "Si ndiye chili ndi chiphaso?"

Anayenda pang'onopang'ono, n'kukaima pakhomo pa kachipindako nthawi ndithu. Mayi Roz sanawachotse maso mpaka chitseko chinatsekeka bamboyo ali m'kati. Anapumira m'mwamba, n'kukokera buku lija pafupi. Asanapeze tsamba limene analekezera, foni inayamba kunjenjemera pa tebulo, ndipo anaipanira paphewa.