Ukonde umene ndinkadula

Ntchito yanga yoyamba ndinaimva kutchalitchi. Analengeza kuti pamalo osamalira okalamba ku Lupembe akufuna mtsikana woti aziwapezera agogo zochita masana. Ndinali nditakhala pakhomo zaka ziwiri chilembereni mayeso a Fomu 4, choncho sindinafunse zambiri.

Bwana wanga anali Mayi Chisale, nesi wopuma pantchito wa ku Dedza, wapakamwa pakuthwa. Ananditsegulira kabati. Munali bawo, nyemba zosankha, mlaza wolukira mikeka ndi ukonde umodzi wakale. “Ambiri pano ali ndi matenda oyiwala,” anatero. “Usamawafunse zadzulo. Uziwapatsa chogwira m'manja basi.”

Ukondewo ankasoka ndi a Kayira, msodzi wakale wa ku Ngara. Dzina langa ankaliyiwala tsiku ndi tsiku, koma ukawapatsa singano yansungwi ndi ulusi wa nayiloni, zala zinkathamanga zokha. Ankayeza diso la ukonde ndi chala, kumanga mfundo, kukoka ndi mano. Akasowa chosoka ankangogwedeza geti kuti apite kunyanja, ngakhale kumenya wowaletsa. Tsoka ilo, m'masabata awiri anali atatseka mabowo onse.

“Akaweruka uzitenga lezala uzidula ukondewo,” anatero Mayi Chisale. “Mawa sakumbuka.” Ine ndinaseka, ndinaona ngati nzeru zakuya. Miyezi itatu ndinkadula madzulo, iwo n'kumasoka m'mawa.

Kenako linafika tsiku loti abale adzaone zomwe makolo awo amachita. A Kayira anayala ukonde pakhonde kuti amuonetse mwana wawo wamwamuna. Anayendetsa chala pa bowo limodzi, lachiwiri, lachitatu, n'kuima.

“Mwala sudula chonchi,” anatero. “Ng'ona imakadzula. Apa padutsa mpeni, ndipo wadutsa pa mfundo zanga. Ninjani? Wadula ndani?”

Anamwaza maso kufuna wolakwayo. Kumapeto kwa ukonde kunali NyaGondwe, mayi wamasiye wopanda m'bale aliyense tsikulo, nayenso woyiwala. Ankausisita ukondewo uku akuyankhula yekha, monga ankachitira ndi nsalu iliyonse. A Kayira anamuloza ndi singano. “Fwiti iwe! Ukundidulira ukonde ine nditagona!”

Kwathu kuno mawu amenewo sagwa pansi. Mwana wa a Kayira anali atangoika khanda lake m'manda mwezi womwewo, ndipo mudzi wawo ndi wa NyaGondwe ndi woyandikana. Ndinaona mmene mwana wawoyo anamuyang'anira mayiyo. Lezala inali m'thumba la apuloni yanga. Nditati nditsegule pakamwa, Mayi Chisale anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. “Ukayankhula, abalewa adziwa kuti timapusitsa makolo awo,” anandinong'oneza. “Malo ano atsekedwa, iwe ubwerere kukakhala pakhomo.”

Ndinawamvera. Ndisaname kuti ndinkaganizira agogo enawo ayi. Ndinkaopa kubwerera pakhomo opanda ntchito.

Loweruka, dzuwa likuswa mtengo, gulu la anthu linafika kwa NyaGondwe. Anatentha nyumba, iye n'kumugenda. Apolisi anamutola m'munda wa chinangwa nthiti zitathyoka, akufunsabe kuti walakwa chiyani. Anamwalira kuchipatala sabata isanathe.

Lolemba a Kayira anafika ali nyaa kumwetulira, zonse zitafufutika m'mutu. Anayang'ana mpando wopanda munthu n'kundifunsa m'Chitumbuka za NyaGondwe kuti ali kuti, “Mama yura wali nkhu? Amandigwirira bwino ukonde.” Ndinathawira kuseri kwa khitchini.

Ntchitoyi ndimaigwirabe, koma kwina. Masiku ano ndimakwera kabaza kupita ku Ngara kukapempha maukonde ong'ambikadi, akasokedwa ndimabweza kwa eni ake, iwo n'kubwera kudzathokoza wosokayo pamaso. Nyemba zikasankhidwa zimaphikidwa. Mtsikana watsopano akabwera ndimamuuza kuti woyiwala si chitsiru. Angaiwale dzina lako, koma ntchito ya manja ake amaidziwa kuposa iwe, ndipo ukamunamiza, wina adzalipira bodza lakolo.

Patatha chaka ndinakumana ndi mwana wa a Kayira pamsika, ndipo ndinamuuza kuti wodula ukonde ndinali ine. Sanakalipe. Anandiyang'ana, kenako anati, “Mlongosi, mwala woyamba ndinaponya ndine. Mukananena tsiku lomwe lija.”