Pamene Mpeni Uyenera Kulekezera

Azakhali a Ge Yunhua analembedwa ntchito yosesa ndi kukoleza moto wotenthetsa makalasi pasukulu yathu, m'mphepete mwa nkhalango ya Khingan. Yopita ndi ana kunkhalango sanawatume munthu. Ine ndimaphika pasukulupo, choncho ndinkaona zomwe ena sankaona: mipeni khumi ndi iwiri yomwe ankanola okha, mabanzi a ulendo omwe ankaumba kwawo, ndi mitu ya ana yomwe ankaisanthula umodziumodzi pobwerera, kufuna nkhupakupa.

Ankapita mu Juni, madzi akakwera m'mitengo ya makungwa oyera. Anthu a mtundu wawo, Aorocheni, ankapangira khungwa limeneli mabwato, ndowa ndi madenga. Khungwalo lili pawiri. Lakunja, loyeralo, ukalicheka bwino limadzimatula lokha. Lam'kati ndi moyo wa mtengo.

"Ukamva mpeni wafika pofewa, leka," ankatero. "Ukapitirira, wadula pakhosi."

Ali m'njira ankawaonetsanso zina: ndere zomwe zimatenga zaka kuti zikule ngati chikhadabo, nthaka youma ndi chisanu pansi pa mizu ngakhale m'chilimwe, nthambi zomwe mphalapala zabudula.

Chaka china a zankhalango analetsa kusenda mitengo, chifukwa ogulitsa zosema kwa alendo anali atawononga yambiri. Azakhali anakapempha kuti ana asawaletse. Ofesi inatumiza Lu Zhenhai, woyang'anira chigawo chathu, kuti akaone mitengo yomwe ana anasenda. Akaipeza yamoyo, chilolezo chiperekedwa. Ine ndinapita nawo kukanyamula tiyi.

"Azakhali, mukuyenda ngati mukuthawa apolisi," anatero Lu, akupuma movutika.

"Wapolisi wake iweyo? Nsapato zakozo zinaiona liti nkhalango?"

Anamuonetsa mitengo makumi anayi ndi itatu. Uliwonse unali ndi lamba wakuda pomwe anasendapo, koma masamba ali biriwiri. Lu anagwedeza mutu movomereza n'kutseka kabuku kake. Njira yobwerera inali kumanja. Azakhali anakhotera kumanzere.

Ndinadziwa komwe tinkapita. Ndinawagwira malaya.

"Achemwali, Lu waona zokwanira."

"Sanaone yonse," anatero.

Mtengowo unali m'mbali mwa dambo, wouma, nsonga itathyoka. Zaka zitatu m'mbuyomo mwana wina anaucheka mozama kuzungulira thunthu lonse, pofuna khungwa lalikulu kuposa la anzake. Kuyambira pamenepo Azakhali ankayambira pamtengo umenewu ulendo uliwonse. Ankawaimika ana mouzungulira mpaka wina afunse.

Lu anaugogoda. Unalira ngati ng'oma yong'ambika.

"Anachita ndani?"

"Mwana. Mpeni ndinampatsa ndine."

"Mwandionetseranji? Ndikanalemba kuti yonse ili bwino."

"Ana amaudziwa. Ndikawauza kuti ndinakubisira, ndiwaphunzitsanso chiyani?"

Lu anakhala pachitsa nthawi yaitali, akuthamangitsa udzudzu. Sanali munthu woipa. Koma zomwe waona sangazichotse m'kabuku.

Yankho linabwera patatha milungu iwiri. Ana aziloledwa kulowa m'nkhalango. Mitengo yosenda isapitirire isanu pachaka, ndipo mwana asagwire mpeni. Wocheka akhale Azakhali okha.

Ndinawawerengera kalatayo m'khitchini, chifukwa maso awo savutika ndi mitengo koma ndi zilembo. Sanadandaule. Anangoti pofewa paja sipaoneka ndi maso, pamamveka m'dzanja. Kenako anapita kukatulutsa phulusa. Mipeni khumi ndi umodzi anaipaka mafuta, kuikulunga m'nsalu, n'kundipatsa kuti ndizisendera mbatata. Sindinaigwiritsepo.

Juni wotsatira tinapita ndi ana khumi ndi asanu ndi anayi. Pamtengo woyamba Azakhali anagwira mpeni, n'kuitana mtsikana wina dzina lake Wu Xiaoman.

"Ika dzanja lako pamwamba pa langa. Usakankhe. Tseka maso."

Anayamba kutsitsa mpeni pang'onopang'ono. Ena onse anali pamzere, aliyense akudikira danga lake locheka utali wa chala chimodzi chokha, kuti mitengo isanu iwakwanire.

Mpeni utatsika pang'ono, Xiaoman ananena chapansipansi, maso akadali otseka:

"Azakhali, apa. Lekani."